Mdipiti wa nkhoswe ya parishi: yambani kukonza kumbuyo

Mdipiti wa chaka cha nkhoswe ya parishi, woyera amene tchalitchi chimatchedwa dzina lake, umaonongekera kumbuyo. Kutsogolo zonse zimaoneka bwino: mtanda uli m'mwamba, utsi wa lubani ukukwera, kwaya yagwira nyimbo, ma Stella, atsikana ovina pa Misa, akuponya mwendo pamodzi, chifanizo cha woyera chili pamapewa a abambo ovala malaya oyera. Tabwererani mamita 300 kumbuyo, kumene kuli agogo a ndodo, amayi obereka ana ndi anyamata ofika mochedwa. Kumeneko nyimbo siimveka. Zomveka ndi nkhani za mpira wa dzulo ndi mahutala a minibasi. Wina wapatuka kukagula mandasi, ena akuthamanga kuti atseke mpata umene watseguka patsogolo pawo. Anthu amenewa sanadzukire macheza ayi. Anabwera kudzapemphera, koma pemphero silinawafike, ndipo mlandu si wawo. Ndi wa amene anakonza ulendowo maso ali kutsogolo kokha.

Ndikulembera inu a komiti ya chipembedzo, atsogoleri a miphakati ndi a mabungwe kuno ku Blantyre. Kuyenda tikupemphera si kwachilendo kwa ife. Timayenda ndi kanjedza m'manja, Lachisanu Loyera anthu amakwera Michiru pa Njira ya Mtanda, ndipo pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye timaperekeza Ukaristia m'misewu. Koma mdipiti wa nkhoswe uli ndi zovuta zakezake, makamaka chifukwa pali katundu wolemera ndi wosachedwa kusweka amene akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu.

Tsiku musalisankhe nokha pa msonkhano. Chaka cha woyera amene tchalitchi chimatchedwa dzina lake ndi chaka chachikulu pa parishi imeneyo, chimene pa Misa pamakhala mapemphero a Ulemu ndi Ndikhulupirira, ngakhale kwina konse chikhale chikumbutso chabe. Malamulo a kalendala ya Mpingo amalola kuchisunthira pa Lamulungu kuti akhristu ambiri apezekepo, koma Lamulungulo likhale la nyengo ya pachaka. Lamulungu la mu Adventi, mu Lenti kapena mu nyengo ya Pasaka silipereka malo kwa woyera aliyense. Ndiye kwa a St James ku Chilomoni palibe vuto, chifukwa 25 Julayi imagwa mu nyengo ya pachaka. Kwa a ku CI (Catholic Institute), amene nkhoswe yawo ndi Louis-Marie de Montfort, nkhani ndi ina: 28 Epulo imagwa mu nyengo ya Pasaka chaka chilichonse, choncho mukayenda mdipiti pa Lamulungu, mapemphero ndi mawerengo a Misa akhalabe a Lamulungu la Pasakalo. Onse a Yosefe Woyera wa pa 19 Malichi amakumana ndi Lenti. A Holy Ghost ku Ndirande chaka chawo ndi Pentekoste, chimene chimagwa pa Lamulungu kale. Zimenezi zimalamulanso mtundu wa nsalu: zofiira kwa atumwi (kupatula Yohane), amartiri ndi Pentekoste, zoyera kwa Amayi Maria, Yosefe ndi Montfort. Auzeni amayi okongoletsa asanapite ku Limbe kukagula nsalu, osati atadula kale. Ndipo kutsogolera mdipiti kunja kwa tchalitchi ndi udindo umene malamulo a Mpingo amaupereka kwa bambo mfumu. Komiti imakonza, iwo ndiwo amavomereza njira, nthawi ndi mapemphero.

Nyengo nayo muiyang'ane. Kumapeto kwa Epulo mvula imatha kubwera yotsanzika. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chiperoni, mphepo yozizira ndi mvula yowaza imene imazimitsa makandulo ndi kunyowetsa mapepala a nyimbo. Okutobala dzuwa la 10 koloko limagwetsa anthu. Pa zonsezi mankhwala ndi amodzi: nyamukani m'mawa, cha m'ma 7:30. Ine ndimakonda mdipiti wobwera Misa isanayambe, wochokera ku mphakati kapena pa bwalo la sukulu kulowera ku tchalitchi, chifukwa anthu amakhala ndi kolowera ndipo ulendo umathera pa guwa. Wa pambuyo pa Misa umapeza anthu atatopa ndi njala, ndipo theka limathera pa geti.

Njira isapitirire kilomita imodzi ndi theka, ikatalikitsa makilomita awiri. Werengerani motere. Khamu la agogo ndi ana limayenda pafupifupi makilomita awiri pa ola, ndiye kilomita imodzi ndi theka ndi mphindi 45. Kuima katatu, mphindi 7 paliponse, ndi mphindi zina 21. Omaliza kuti alowe ndi kupeza pokhala pamafunika mphindi zina 20. Zonse pamodzi ndi ola limodzi ndi theka, kutanthauza kuti wonyamuka 7:30 ayamba Misa 9 koloko. Amene amalemba pa ndondomeko kuti mdipiti 8:00, Misa 8:30, sanauyendepo ndi wotchi.

Njirayo muiyende wapansi, pa tsiku ndi nthawi yofanana ndi ya mdipiti, sabata ziwiri kapena zitatu usanachitike. Msewu umene uli zii Lachiwiri masana ukhoza kukhala msika Lamulungu m'mawa. Woyendayo atenge nsungwi yodula molingana ndi msinkhu wonse wa chifanizo chili pamapewa, aiimike pansi pa nthambi iliyonse, chikwangwani chilichonse ndi waya aliyense wolendewera. Mawaya a magetsi olowa m'nyumba amatsika kwambiri m'malokeshoni mwathu. Pamene nsungwi yatsala pang'ono kukhudza waya, lembani kuti apa titsitsa chifanizo m'manja, kapena sinthani njira. Waya wa magetsi sakankhidwa ndi mtengo, ngakhale wouma. Onaninso ngalande zosavundikira, milatho yopapatiza ndi zitunda. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, ndipo njira yoyenda bwino pa galimoto ikhoza kukhala ndi mtsetse umene onyamula sangautsike bwino. Misewu ikuluikulu ngati Masauko Chipembere Highway ipeweni, ngakhale kungoidutsa. Mzere wa anthu 1,200, wa mamita 360, umatenga mphindi 11 kuti uoloke msewu, ndipo oyendetsa minibasi ndi a kabaza sadikira mphindi 11. Amalowa pakati, mdipiti n'kuduka pawiri.

Kalata ya kwa apolisi ndi ku khonsolo ya mzinda ipite sabata ziwiri tsikulo lisanafike, yosainidwa ndi bambo mfumu, yotchula tsiku, nthawi yonyamuka ndi yofika, misewu yonse, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi woyankha. Musangoisiya pa kauntala. Tengani kope lodindidwa, ndipo Lachisanu wina apite kukakumbutsa. A mfumu ndi atsogoleri a m'dera nawonso amve kuchokera kwa inu.

Tsopano machira onyamulira chifanizo, amene ndiwo amafuna mutu kwambiri. Yambani ndi kuyeza chifanizo pa sikelo, musayerekeze ndi maso. Cha simenti cha pa groto chisiyeni pomwepo, sichinapangidwire kunyamula. Cha pulasitala chimanyamulika koma chimasweka pakhosi, pa zala ndi pa chilichonse chimene woyera wagwira m'manja. Chosema pa mtengo chimapirira, cha faiba n'chopepuka kwambiri mwakuti mdani wake ndi mphepo. Ngati parishi ilibe chifanizo choyenera, chithunzi chachikulu cha mu felemu kapena mbendera yosokedwa bwino zimakwanira, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Kalipentala apange thandala la masentimita 80 mbali zonse, la thabwa lochindikala masentimita awiri, ndi mitengo iwiri yonyamulira ya 2x3, yotalika mamita atatu ndi theka, kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa thandala kukwane anthu awiriawiri pa mtengo uliwonse osapondana zidendene. Paini ndi wopepuka, koma sankhani wopanda mfundo, chifukwa amathyokera pa mfundo. Bulugamu wamuwisi amalemera ndipo amang'aluka akamauma. Nsungwi zimanjanja, ndipo chifanizo chimadumphadumpha. Mitengoyo imangidwe ku thandala ndi mabawuti a mamilimita 10 okhala ndi mawashala, osati misomali. Misomali imazuka pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kwa ulendo, ndipo simuona mpaka thandala litapendekeka. M'mphepete mwa mitengo mupalidwe kuti musakhale mwakuthwa, ndipo pogona phewa pakulungidwe siponji ndi nsalu.

Chifanizo sichigwa chifukwa cholemera. Chimagwa chifukwa n'chachitali ndipo tsinde lake n'laling'ono. Choncho chimangidwe pawiri. Pansi, khomani tizidutswa ta thabwa tinayi tozungulira tsinde mothina kuti lisaterereke. Kumbuyo kwake imikani kamzati kofika m'chiuno mwa chifanizo, komangidwa ndi mabawuti, ndipo mumange chifanizocho ku kamzatiko ndi lamba wansalu wotambalala, ndi kansalu kofewa pakati kuti penti asasupuke. Osamanga pakhosi kapena pamikono. Waya ndi chingwe cha nayiloni zimadya pulasitala. Kamzati ndi lamba zimabisika ndi nsalu ndi maluwa. Maluwawo akhale afupi, osabisa nkhope ya woyera, ndipo asakhale m'mabotolo a madzi, chifukwa madzi amatayikira pa onyamula ndi kufewetsa tsinde la pulasitala. Makandulo oyaka pa machira okutidwa ndi nsalu za nayiloni ndi maluwa a pulasitiki ndi ngozi yoitana dala.

Musanakwezepo chifanizo, yesani machira ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 loimika, muyende nalo pa chitunda, mukhote, mutsike masitepe a tchalitchi. Yezaninso khomo. Phewa la munthu wamkulu lili pa mamita 1.4 kuchokera pansi, thandala liwonjezera masentimita 10, chifanizo cha mamita 1.2 chifikitsa zonse pa mamita 2.7, chisoti cha kumutu tisanachiwerenge. Makomo ambiri safika pamenepo. Onyamula aphunzire kutsitsa machira kuchoka paphewa kufika m'manja onse pamodzi, masitepe asanayambe, osati mutu wa woyera utatsala pang'ono kugunda mphuthu.

Chifanizo cha makilogalamu 35, machira a 25 ndi zokongoletsa za 5 ndi makilogalamu 65. Pa anthu asanu ndi atatu zimaoneka ngati 8 aliyense, koma katundu sagawika mofanana. Wamtali amasenza zambiri, wamfupi amangogwira mtengo, ndipo pa msewu wa maenje nthawi zina katundu yense amakhala pa anthu anayi. N'chifukwa chake onyamula amasankhidwa poyang'ana mapewa, osati maudindo. Aimikeni pamzere, mapewa asasiyane kuposa masentimita atatu kapena anayi pa gulu limodzi. Konzani magulu awiri kapena atatu osinthana pa mamita 250 aliwonse, ndipo gulu la amayi likhalepo ngati akufuna, bola mapewa alingane. Pa chitunda katundu amatsamira kwa amene ali kumunsi: pokwera ndi akumbuyo, potsika ndi akutsogolo. Amphamvu ndi otalikirapo aziima kumunsiko, kuti thandala likhale lowongoka. Posinthana, machira atsike pa tebulo lolimba limene anyamata awiri akuyenda nalo pambali. Kusinthana m'malere mmodzimmodzi ndi kumene kumapendeketsa chifanizo.

Wolamula akhale mmodzi yekha, woyenda pambali kutsogolo kwa machira, amene mawu ake ndi atatu basi: konzekani, nyamulani, tsitsani. Ena onse, ngakhale apampando, akhale chete. Onyamula ayende mapazi afupiafupi, avale nsapato zogwira pansi, ndipo asavine. Nyimbo ikakoma mwendo umafuna, koma ovina ali kale ndi malo awo.

Kandandalikidwe kozolowereka ndi aka: wofukiza lubani, mtanda pakati pa makandulo awiri, kenaka ana, mabungwe ndi mbendera zawo, otumikira pa guwa, chifanizo, ansembe, ndi khamu lonse pambuyo. Ndikupempha musinthe zinthu ziwiri. Choyamba, agogo ndi oyenda movutika muwaike kutsogolo, pambuyo penipeni pa mtanda. Wonyamula mtanda amakhala mnyamata wa miyendo yopepuka amene akangosiyidwa amayenda liwiro lowirikiza kawiri la khamu. Akakhala ndi agogo kumsana kwake, liwiro la mdipiti wonse limakhala la agogowo, ndipo palibe wotsalira. Chachiwiri, khamu lisakhale chimulu chimodzi cha kumbuyo. Ligaweni m'miphakati, uliwonse ndi chikwangwani chake ndi mtsogoleri wake, anthu anayianayi pa mzere, ndipo chifanizo ndi kwaya zikhale pakati pa mdipiti, miphakati ina kutsogolo, ina kumbuyo. Wofika mochedwa amadziwa kolowa, ndipo munthu amene akuyenda pakati pa anansi ake sayamba nkhani za mpira.

Chifukwa chake chili m'masamu. Anthu 1,200 oyenda anayianayi ndi mizere 300. Mzere uliwonse umadya pafupifupi mamita 1.2, ndiye mdipiti ndi wa mamita 360. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ngakhale mutakhala ndi sipika yamphamvu bwanji kutsogolo, womaliza amamva mawu patapita sekondi yathunthu, amayankha mochedwa, apakati amamva nyimbo ziwiri zosemphana, kenaka onse amangosiya. Kwaya ikakhala pakati, mtunda umadulidwa pawiri. Masipika a mtundu wa lipenga awiri, ina yoloza kutsogolo ina kumbuyo, okwezedwa pamwamba pa mitu ya anthu, amachita bwino kuposa mabokosi akuluakulu a m'tchalitchi amene mawu ake amathera m'misana ya oyandikira. Batire ya galimoto yodzaza bwino ndi ampulifaya yaing'ono pa wilibala kapena pa njinga zimakwanira ola limodzi ndi theka. Jenereta imalimbana ndi pemphero, ndipo galimoto yoyenda liwiro la agogo pa chitunda imanunkhitsa klatchi ndi kupemerera utsi kwa oimba. Wogwira maikolofoni asaime kutsogolo kwa lipenga, ndiko kumaliritsa sipika. Maikolofoni yopanda waya imaduka mukatalikira mamita makumi angapo, ndipo mabatire apadera akhale m'thumba la munthu wodziwika.

Ngati anthu apitirira 1,000, musalimbane n'kuti onse aimbe mawu amodzi pa nthawi imodzi. Gawani mdipiti m'zigawo zitatu zosiyana mamita 15, chilichonse ndi megafoni, wotsogolera mapemphero ndi oimba asanu kapena asanu ndi mmodzi obwerekedwa ku kwaya. Onse atsate pepala limodzi la ndondomeko. Kwaya siikonda kugawidwa, ndikudziwa, koma oimba abwino 40 ounjikana malo amodzi pamene anthu 600 akuyenda chete si utumiki.

Mdipiti umatamuka ndi kukhwinyata ngati mphira wa legeni. Akutsogolo akaima masekondi khumi, apakati amaunjikana, ndipo akayambanso, akumbuyo amayenera kuthamanga. Pa mlatho pamene anayi asanduka awiri, mzere umatalika kawiri. Olondolera akhale awiriawiri pa mamita 30 aliwonse, mbali zonse ziwiri, ovala zowala kapena lamba wa nsalu yofanana, ndipo ntchito yawo ndi kusunga mizere ndi kutseka tinjira tolowera njinga zamoto, osati kukalipira anthu. Wa kutsogolo ndi wa kumbuyo penipeni akhale pa foni. Lamulo likhale loti pa malo oimapo pemphero siliyamba mpaka wa kumbuyo atanena kuti tafika. Pambuyo pa onse pabwere galimoto imodzi yopanda katundu, ya otopa ndi odwala.

Zoti mupemphere sankhani zolandizana. Litaniya ya oyera onse, imene khamu limangoyankha kuti mutipempherere ife, imayenda bwino kuposa nyimbo ya ndime zisanu ndi imodzi imene aidziwa ndi a kwaya okha. Chigawo chimodzi cha kolona chimatenga mphindi zinayi, kutanthauza mamita oposa 100. Sinthanitsani: nyimbo yodziwika, chigawo cha kolona, nyimbo, kenaka kanthawi kachete. Nyimbo yatsopano ya nkhoswe iphunzitsidwe m'miphakati pa nthawi ya novena, isatulukire pa msewu. Novena imayamba masiku asanu ndi anayi chaka chisanafike: pa 16 Julayi kwa a Yakobe, pa 19 Epulo kwa a Montfort. Ndi nthawi yabwinonso yopempha ansembe kuti akhale pa mpando wa kulapa.

Pa malo oimapo pakhale tebulo la nsalu yoyera, mawu a Mulungu afupi, mfundo imodzi ya moyo wa woyerayo ndi mapemphero atatu a dera limenelo. Pafupi ndi chipatala pemphererani odwala, pa msika ochita malonda, pa sukulu ana ndi aphunzitsi. Ulaliki usungidwire Misa. Koma mfundo ya moyo wa woyera isasowe, chifukwa n'zomvetsa chisoni kuti mkhristu avale nsalu ya nkhope ya nkhoswe yake osadziwa kuti anali yani. A Yakobe amve kuti anali msodzi, mwana wa Zebedeo, mbale wa Yohane, ndipo ndiye mtumwi amene imfa yake yalembedwa pa Ntchito za Atumwi 12:2, pamene Herode anamupha ndi lupanga. A Montfort amve za wansembe wa ku France amene anabadwa mu 1673, namwalira pa 28 Epulo 1716 ali ndi zaka 43 zokha, ndipo analengezedwa kukhala woyera mu 1947. Ana ake auzimu, ansembe a chipani cha Montfort, ndiwo anafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, ndipo mbali yaikulu ya Mpingo wa kuno kumwera inamera pa ntchito yawo. Iye mwini ankakonda midipiti pa maulendo ake olalikira, ndipo chimene ankafuna kwa anthu chinali kubwereza malonjezo a ubatizo. Parishi ya dzina lake ikaika kubwereza malonjezowo pa malo omaliza kuimapo, ndiye kuti yamulemekeza m'njira imene iye akanaizindikira.

M'mbali mwa msewu mudzakhala anthu onena kuti Akatolika atulutsa fano lawo. Olondolera asayankhe. Yankho lili m'machitidwe athu. Mtanda ndiwo umatsogolera, osati chifanizo. Kwa chifanizo timaweramitsa mutu, sitigwada bondo monga timachitira pa Ukaristia. Kadenga kansalu konyamula pa mitengo inayi n'ka Ukaristia, musakabwereke kuti muphimbire chifanizo, ndipo midipiti iwiriyi isaphatikizidwe kukhala umodzi pofuna kupulumutsa nthawi. Mpingo unalongosola kale pa msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho, ndipo kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Koma tikalola anthu kukankhana kuti akhudze chifanizo, kapena kupanikiza ndalama m'manja mwake, timawapatsa otinenawo umboni, ndiponso ndi mmene zala za pulasitala zimathyokera. Ofuna kupemphera pafupi adzapeza mpata Misa itatha, chifanizo chili pa malo ake.

Mukapeza masamba pamsewu, ng'oma zileke, masipika azimitsidwe, ovina aime, ndipo mudutse pa siwa mwakachetechete kapena ndi Tikuoneni Maria wapansipansi. Maliro sapangana ndi kalendala, choncho wina ayendenso njira yonse m'mawa wa tsikulo ndipo pakhale njira ina yokonzeratu. Chimodzimodzi podutsa pa tchalitchi cha mpingo wina kapena pa mzikiti pamene anzathu ali m'mapemphero: tsitsani mawu. Andale ndi akhristu ngati wina aliyense, ayende mu mphakati wawo. Nsalu za chipani ndi maikolofoni m'manja mwawo, ayi.

Anthu amakomoka pa zifukwa ziwiri, ludzu ndi njala. Ambiri amachoka kunyumba osalawa kanthu poganiza kuti kulandira Ukaristia kumafuna kusala kuyambira usiku. Lamulo ndi ola limodzi musanalandire, madzi ndi mankhwala saswa kusalako, ndipo okalamba ndi odwala sakakamizidwa. Zimenezi zilengezedwe pa Lamulungu, tsiku la mdipiti lisanafike, makamaka chifukwa cha odwala shuga ndi ana otumikira pa guwa. Madzi werengerani theka la lita pa munthu: anthu 1,200 ndi malita 600, zidebe 30 za malita 20, zogawidwa pa malo oimapo ndi pa tchalitchi. Akhale madzi otetezedwa, m'zidebe za mpopi, aliyense ndi botolo lake, osati kapu imodzi yoviika. Manesi ndi azachipatala a m'parishi muwapemphe mwaulemu kuti awiri ayende pakati, awiri kumbuyo. Zimbudzi zitsegulidwe kumene mukunyamukira, apo ayi anthu azipatukira m'makonde a eni ake.

Zing'onozing'ono zimene zimaiwalika: makala a chofukizira ayatsidwe mphindi 15 musananyamuke ndipo ena apadera ayende m'kachitini, chifukwa oyamba safika kumapeto. Makandulo a otumikira akhale ndi magalasi otchinga mphepo, botolo la pulasitiki lodula limasungunuka. Mbendera zazikulu zikhale ndi zingwe ziwiri zogwira ana m'mbali, mphepo ya Julayi isazisandutse matanga. Ku tchalitchi kutsale abambo anayi, sakristiya yokhoma, chifukwa akuba amadziwa kuti parishi yonse ili pa msewu. Mtulo wa nkhuku, mbuzi ndi matumba upite kutchalitchi m'mawa, usayende mu mdipiti.

Pofika ndi pamene akumbuyo amalakwiridwa komaliza. Amene sanayende amakhala atadzaza mabenchi kuyambira 8 koloko, ndipo amene ayenda kilomita ndi theka amapeza malo oima padzuwa. Tsekani makomo mpaka mtanda utafika, kupatula kwa odwala ndi okalamba amene sakanatha kuyenda, ndipo mphakati uliwonse ukhale ndi mabenchi kapena malo a mu tenti olembedwa dzina lake. Tsegulani makomo onse, a m'mbali omwe. Machira aime panja pambali pa khomo lalikulu, anthu onse adutse, chifanizo chilowe pamodzi ndi ansembe pomaliza. Kwaya ikonzekere nyimbo zokwana mphindi 20, ndipo Misa isayambe wolondolera wa kumbuyo asanalowe pa geti. Malo oikapo chifanizo akhale okonzeratu, pambali, osatchinga guwa kapena pa mawerengo.

Lolemba machira amasulidwe, mabawuti ndi mawashala alowe m'kathumba komangirira ku thandala, mitengo igonekedwe pamalo ouma osakhudza pansi chifukwa cha chiswe. Komiti ikumane sabata yomweyo, isanaiwale, ndipo oyamba kulankhula akhale olondolera a kumbuyo: nyimbo inaleka kumveka pati, mzere unaduka pati, omaliza analowa nthawi yanji. Zimenezo zilembedwe m'buku la parishi pamodzi ndi kulemera kwa chifanizo, msinkhu wa khomo ndi kope la kalata ya kupolisi, chifukwa makomiti amasintha ndipo atsopano adzafuna manambala omwewo.